Buku limodzi ndinaligula kawiri: mabuku atatu a ana achisilamu othawa kwawo

Kuyambira kumapeto kwa Julayi 2024, pamene chigulu cha anthu chinagenda mzikiti wa ku Southport, kenako ena n'kukaukira mahotela osungiramo anthu othawa kwawo ku Rotherham ndi ku Tamworth, amayi anzanga kuno ku England akhala akundifunsa funso limodzi lomwelo: tiwagulire buku liti anawa? Amadziwa kuti ine ndinayamba kale kugula. Chinandiyambitsa n'chakuti sabata ya zipolowezo ndinapeza mwana wanga wamkazi, wa zaka 14, ataima pakhomo akupinda hijabu yake bwinobwino n'kuiika m'thumba la jekete. Ndinali nditamutuma mkaka pasitolo ya pakona pomwepa. Sanalankhule kanthu, inenso mawu anandithera. Ndiye nawa mabuku atatu amene tinawerenga tonse awiri. Onse ndi a m'Chingerezi.

Ndiyambe ndi chimene chinandiwawa, kuti inu chisakuonekereni. Randa Abdel-Fattah, mlembi wa ku Australia, anatulutsa When Michael Met Mina mu 2016. Mwana wanga analimaliza masiku awiri. Nditaona pa intaneti buku lina la mlembi yemweyo, The Lines We Cross, chikuto chake china, ndinati ili ndiye gawo lachiwiri. Wogulitsa sanalembe chenjezo lililonse. Bukulo linachokera ku America, ndalama yotumizira inaposa mtengo wa buku lenilenilo, ndipo tinadikira milungu itatu. Litafika, mwana anang'amba pepala ali chiimire, n'kuwerenga tsamba loyamba. Nkhope inagwa. "Amayi, ndi lomwe lija." Ndi buku limodzi, kungoti ku America analisintha dzina mu 2017. Kuti ndilibweze, anati ndilipirenso ndekha yotumizira. Lilipo mpaka lero pashelefu, pafupi ndi linzake. Mukakhala nalo lina mwa awiriwa, musagule linalo.

Sindibisa, mkwiyo wa ndalamayo ndikadali nawo, koma dandaulo langa lalikulu pa bukuli lili pena. Mina ndi mtsikana wa ku Afghanistan amene anafika ku Australia pa boti ali wamng'ono, anakulira ku Auburn mumzinda wa Sydney, kenako anapeza mwayi wa maphunziro aulere kusukulu ya ana a anthu olemera. Michael ndi mnyamata wachizungu, makolo ake ndi amene akutsogolera gulu lotchedwa Aussie Values, lokana anthu obwera pa boti. Awiriwa amayamba kuonana pa zionetsero, wina mbali iyi wina mbali inayo, kenako n'kukumana m'kalasi. Mitu ya bukuli imasinthana, uwu akufotokoza Mina, wotsatira Michael.

Pa kuonetsa tsankho la anthu aulemu, palibe buku mwa atatuwa limene likufika apa. Makolo a Michael si anthu otukwana pamsewu. Ndi ophunzira, amalankhula modekha, amakonda ana awo, ndipo amanena kuti sadana ndi munthu, angofuna kuti anthu asamalumphe mzere. Ife tonse amene tagwirapo ntchito kuno timawadziwa anthu otere: amakupatsa tiyi kuntchito, madzulo n'kukalemba pa Facebook kuti dziko ladzaza. Ndipo nkhaniyi inalembedwa nthawi imene Australia inkatumiza anthu obwera pa boti kuzilumba za Nauru ndi Manus, choncho si zongopeka za mlembi.

Koma taonani mmene katundu wagawidwira. Theka la buku likupita kwa Michael kuti aphunzire kuti othawa kwawo nawonso ndi anthu, ndipo mphunzitsi wake ndi Mina. Mtsikana amene anaona imfa m'banja mwake, amene anadutsa panyanja, ndi yemwenso ayenera kukhala ndi mayankho okonzeka nthawi zonse, akhale wanzeru kuposa onse m'kalasi, kuti mnyamata uja atseguke maso. Nanga akanakhala mwana wamba, wolephera masamu, wamanyazi, wosatha kuyankha? Kodi akanamuona ngati munthu? Mwana wanga kusukulu ntchito imeneyi amaigwira kale tsiku ndi tsiku. Kukaphulika bomba kwinakwake anzake amatembenukira kwa iye, ikafika Ramadani ndiye afotokozere kalasi yonse chifukwa chake sakumwa ngakhale madzi. Sindinafune buku lomuuza kuti mtolo umenewo ndi wake ndithu, ausenze akumwetulira. Iye sagwirizana nane, amati Mina ndi wolimba ndipo amamusangalatsa pakamwa. Mwina n'zoona. Ine ndimati bukuli ndi labwino kupatsa mwana wa aneba achizungu kusiyana ndi mwana wathu.

Other Words for Home la Jasmine Warga, la 2019, linalandira ulemu wa Newbery Honor, womwe umaperekedwa ku mabuku a ana ku America, mu 2020. Linalembedwa ngati ndakatulo, mizere ifupiifupi, moti mwana waulesi powerenga amalimaliza osadziwa. Jude amachoka ku Syria ndi amayi ake oyembekezera kupita kwa amalume ake ku Cincinnati ku America, bambo ndi mlongo wake n'kutsala. Anayenda pa ndege, sanagonepo pamsasa, ndiye ngati mukufuna nkhani ya ulendo wowawa si lino. Mphamvu yake ili pa hijabu. Jude atatha msinkhu amayamba kuvala mwakufuna kwake, ali wonyadira, koma anthu ena omufunira zabwino amangoganiza kuti wakakamizidwa. Kenako lesitanti ya makolo a mnzake imaonongedwa ndi anthu achidani. Pamenepo mwana wanga anatseka buku n'kukhala phee kanthawi. Vuto lake ndi msinkhu: ndi la ana a zaka 10 mpaka 13, wa zaka 16 adzaliona lofewa.

Limene ndimalikonda, ndipo ndagulirako kale ana a anzanga awiri, ndi Boy, Everywhere la A. M. Dassu, la 2020. Sami ali ndi zaka 13, amakhala ku Damascus ku Syria, bambo ake ndi dokotala, iye mtima uli pa mpira ndi masewera a pakompyuta. Si mwana wa chitsanzo ayi. Amadandaula, amakwiyira makolo, ndipo amadziimba mlandu chifukwa tsiku limene bomba linaphulika pamalo ogulitsira zinthu, amayi ake ndi mlongo wake wamng'ono anapitako kukamutengera nsapato za mpira. Kuchokera tsikulo kamtsikanako kanasiya kulankhula. Banjali limadutsa ku Turkey ndi ku Greece, ndipo litafika ku Britain limayamba latsekeredwa ku Manchester. Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti nkhanza zina Sami amazipeza m'nyumba ya Asilamu anzake amene anawasunga. Aliyense amene anagonapo pabalaza pa wachibale kunja kuno, akumawerengeredwa magawo a buledi, apa adzadziona. Mabuku ambiri amaopa kunena zimenezi, amafuna oipa onse akhale akunja. Bukuli silikuphunzitsa mzungu aliyense, nkhani yonse ndi ya Sami kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Pa nkhani ya kudana ndi Chisilamu lili kumbuyo kwa awiri aja, limatsindika kwambiri za kunyozedwa chifukwa chothawa kwanu.

Pali chimodzi chimene onse atatu akusowa. Mina, Jude ndi Sami palibe wakuda. Ana athu amanyozedwa kawiri, chifukwa cha mpango ndi chifukwa cha khungu, nthawi zina ngakhale pakhomo la mzikiti penipeni. Loyandikirako limene ndapeza ndi When Stars Are Scattered la 2020, buku la zithunzi lofotokoza ubwana wa Omar Mohamed, Msomali amene anakulira pamsasa wa Dadaab ku Kenya. Amene munafikapo ku Dzaleka ku Dowa mudzaizindikira mizere ya chakudya ija ndi kudikira kwa zaka. Koma nkhani yake pafupifupi yonse ili pamsasa, za tsankho la m'misewu ya Ulaya mulibe.

Ndiye amayi anzanga, ngati ndalama ili ya buku limodzi, gulani Boy, Everywhere. Ngati muli ndi mtsikana amene wangoyamba kuvala hijabu, muonjezerepo la Jude, ndipo muliwerenge naye limodzi. La Mina musagule, bwerani mudzabwereke kwa ine, ndili nawo awiri.