Zagato, Italia kapena Harrington: ndalama zimathera pa bodi

Chionereni Triumph Italia ija inakhala miyezi isanu m'galaja mwanga, anzanga sakundipatsa mpata. Funso lawo n'lomwelo: pa magalimoto akale a ku Britain amene anavekedwa bodi ndi amisiri ena, yabwino ndi iti? Ndiyankhe kamodzi, tipume.

Aston Martin DB4 GT Zagato tithane nayo msanga. Ercole Spada wa kampani ya Zagato ya ku Italy anaijambula mu 1960, zinapangidwa 19 zokha, ndipo ya nambala 2 VEV, imene katswiri wa mipikisano Jim Clark anathamangitsapo, inagulidwa mapaundi oposa 10 miliyoni mu 2018. Mu 2019 a Aston Martin anapanganso zina 19, kugula kwake kophatikiza ndi DBS GT Zagato pa mapaundi 6 miliyoni, koma yooneka yachikaleyo osaloledwa kuyenda pamsewu. Kukongola n'kosatsutsika. Ife yathu n'kusuzumira pampanda basi.

Imene inandiliza ndi Triumph Italia 2000. Salvatore Ruffino ankaitanitsa chesisi ndi injini za Triumph TR3, Giovanni Michelotti n'kujambula bodi, a Vignale ku Turin n'kumaisula. Kuyambira 1959 mpaka 1962 zinatuluka pafupifupi 329. Kunsi kwake ndi TR3 yeniyeni, moti za injini, giyabokosi ndi mabuleki mukaitanitsa lero mawa zafika. Chinyengo chili pamenepo, chifukwa munthu amayesa galimoto yonse n'njotero.

Mwini wake anabwera nayo madigadi yakumanzere itadyeka ndi dzimbiri. Ndinapeza munthu wina pa intaneti, kunja kwa Britain, akuti ali nayo yochotsa ku Italia inzake. Ndinalipira. Tsiku lofika katundu, wobweretsayo anaima pakhomo n'kuti satsitsa mpaka ndipereke msonkho ndi ina ya mapepala, zomwe wogulitsa uja sanandiuzeko n'komwe. Ndinaperekanso, mtima ukuwawa.

Kuiyesa pagalimoto, ayi ndithu. Pafupi ndi chitseko, kumtunda chala chinkalowa chonse, kumunsi ngakhale pepala linkakana. Mabodi amenewa ankamalizidwa ndi manja, iliyonse ndi mlingo wakewake, ndiye ya galimoto ina sikhala pa inzake popanda nkhondo. Masabata atatu ndili ndi nyundo, mapeto ake ndinadula chitsulo chatsopano n'kusula ndekha. Ndipo vutoli si la lero: ogula a nthawi imeneyo ankasainitsidwa kalata yovomera kuti masipeyala a bodi sasungidwa kunja kwa Italy. Anthu ankasainabe, poti nkhope yake imaba mtima.

Ine yanga ndi Harrington, ndipo sindibisa kuti ndimaikondera. A Thomas Harrington a ku Hove ntchito yawo yeniyeni inali kupanga mabodi a mabasi. Ankatenga Sunbeam Alpine n'kuiveka denga la fayiba lotsetsereka mpaka kumbuyo. Zitseko, boneti ndi madigadi akutsogolo zimakhala za Alpine wamba, zopezeka. Ya mpikisano inapambana mphoto ya kagwiritsidwe ntchito ka mafuta pa mpikisano wa ku Le Mans, ku France, mu 1961, akuyendetsa Peter Harper ndi Peter Procter. Liwiro lake n'lapakatikati, wothamanga asayembekezere zambiri. Chosamala ndi denga ndi magalasi ake akumbuyo: zikakhala zosweka, musagule.

Madigadi ija ilipobe, ndinaipachika pakhoma pamwamba pa kompuresa. Woifuna abwere ndi tepi yoyezera.