GitHub Codespaces pa laputopu ya 4GB: ikugwira, koma muzisamala maola

Abale amene mukufuna kuyamba kuthandiza nawo pa mapulojekiti a open source (omwe code yake ili poyera kuti aliyense athandizepo) koma laputopu yanu ndi yotopa ngati yangayi, yesani kaye GitHub Codespaces musanagwe ulesi. Ine ndikuigwiritsa ntchito kuno ku Luchenza ndipo kunena zoona chomwe chimatibweza ambirife si code ayi, ndi kukonza makina kuti pulojekiti ya eni ake iyambe kuyenda, mwaika Git, mwaika Node kapena Python, kenako akuti version yanu si imeneyo, kwinaku akufuna Docker (pulogalamu yoyendetsera ma app m'timabokosi tawotawo), laputopu yayamba kulira fani, bandulo yapita musanalembe ndi mzere umodzi womwe.

Codespaces imakubwerekani kompyuta ya Linux yomwe ili ku ma server a GitHub, inu mumangoiona pa browser. Mukapanga fork repo, kutanthauza kukopera pulojekitiyo ku akaunti yanu ya GitHub, mumadina batani lobiriwira lija lolembedwa Code, kusankha Codespaces, Create codespace, basi VS Code, pulogalamu yolembera code, yatseguka ndi terminal yake yolembamo ma command pansi. Kompyuta yaing'ono kwambiri yomwe amabwereka ili ndi ma core 2 ndi RAM 8GB, kuposa yanga yomwe. Chomwe chinandigwira mtima ine nchakuti npm install yonse ija, command yotsitsira zomwe pulojekiti imafuna, mafayilo ankhaninkhani aja, amatsitsidwa komweko kwa iwo osati pa bandulo yanu. Git nayo imakhala yakudziwani kale, palibe zolimbana ndi SSH key, mwasintha, commit (kusunga), push (kutumiza ku GitHub), pull request (kupempha eni ake alandire zosinthazo) yapita. Ngati eni pulojekiti anaika fayilo ya devcontainer.json ndiye mwalemera, chilichonse chimadziika chokha momwe iwo amafunira. Mukayatsa app, tinene pa port 3000, imakupatsani link yoti muione ikuyenda.

Tsono za maola, apa ndiye mvetsetsani chifukwa ambiri amawerenga molakwika. Akaunti yaulere amakupatsani 120 core hours pamwezi ndi malo osungira a 15GB. Si maola 120 enieni ayi, ola lililonse lomwe mwagwiritsa ntchito amalichulukitsa ndi ma core, ndiye pa makina a 2 aja ndi maola 60, mukadzikonda nkutenga a 4 atsala 30. Ndipo kutseka tab sikuzimitsa codespace, imapitiriza kuwerenga mpaka itaona kuti papita mphindi 30 musanaikhudze, ndiye mukamadzuka kukadya nsima pitani pa github.com/codespaces mukaizimitse nokha, kapena muchepetse mphindizo mu settings. Yozimitsa nayonso imadyabe malo osungira aja, zomwe mwathana nazo muzifufuta. Maola akatha ndipo simunaikepo zolipira imangokuimitsani mpaka mwezi wina, sikuti mudzukira ngongole. Ophunzira ku MUST ku Ndata kuja, lembetsani GitHub Student Developer Pack, ma core hours aja amakwera kufika 180.

Pomwe sindingainamizire mpa netiweki. Chinthuchi moyo wake wonse ndi intaneti, ndiye masiku ena aja netiweki ikamabwera nkumapita, magetsi atathima ndipo foni ya hotspot yatsala 9%, terminal imachedwa kuyankha, kenako pakona palembedwa zoti ikuyesa kulumikizanso, inu mwangoti kakasi. Ntchito siitayika, mumaipeza pomwe munaisiya, koma tsiku limenelo palibe chanu, pomwe mnzanu amene anakonza zonse pa laputopu yake akulemba code bwinobwino popanda intaneti nkudzapanga push madzulo. Komanso codespace yomwe yakhala masiku 30 osatsegulidwa imafufutidwa yokha pamodzi ndi zomwe simunapange push, ndiye musamasunge katundu mmenemo.

Kwa zing'onozing'ono, kukonza README (fayilo yofotokoza za pulojekiti) kapena kumasulira mawu a app m'Chichewa, musawononge maola, mukakhala pa repo dinani kadontho ka pa keyboard, github.dev itseguka, VS Code ya pa browser yaulere, kungoti ilibe terminal.

Ine ndikuipatsa 4 pa 5. Pulojekiti yolemera yofuna Docker ndi database ndimathamangira ku Codespaces osaganizanso kawiri, koma ka Python kakang'ono ndimapanga clone, kukopera pa laputopu pomwe, kameneko 4GB imakwanitsa ndipo sindidikira netiweki.