Alamu, waya kapena chitsulo: choteteza catalytic converter pa pikapu n'chiti?

Chindidulireni catalytic converter (kachipangizo ka paipi ya ekizozi kochepetsa poizoni mu utsi) pa pikapu yanga ya Toyota Tundra, abale a kuno ku Houston, ku Texas m'dziko la America, amene ali ndi mapikapu sakusiya kundifunsa kuti agule chiyani. Ndayankha pafoni mpaka pakamwa kuuma, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere yekha.

Mbava sizifuna chitsulo chakunjacho ayi, zimafuna platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo zamtengo wapatali zam'kati. Mu 2021 rhodium anakwera mpaka pafupifupi madola 29,000 pa aunsi imodzi, ndipo mu 2022 bungwe la National Insurance Crime Bureau linawerenga madandaulo a inshulansi oposa 64,000 a umbava umenewu. Mitengo inatsika, kubako kunachepa, koma sikunathe. Vuto lathu eni mapikapu ndi kutalika kwa galimoto. Munthu amangokwawa n'kulowa kunsi popanda jeke, n'kudula paipi ya ekizozi ndi sowo ya batire, mphindi ziwiri wapita. Tundra imakhala ndi ma converter anayi, ndiye kwa iwo ndi phwando.

Ndiyambe ndi alamu, poti ndi imene ndili nayo chizondi. Wogulitsa ananditsimikizira kuti aliyense wokhudza galimoto, mtunda wonse udzadzuka. Chimene sanandiuze n'chakuti kachipangizo kake kamamva galimoto ikapendekeka, ndiko kuti ikakwezedwa ndi jeke. Pa Prius kapena galimoto ina yaifupi zimenezo n'zomveka. Koma pikapu aikweza ndani? Usiku umene mbava zinabwerawo alamu sinalire ngakhale kamodzi. M'mawa ndikuliza injini, galimoto inabangula ngati chigayo cha dizilo, kuwerama n'kuona mapaipi awiri odulidwa bwinobwino, waya wa oxygen sensor akulendewera. Nditabwerera kwa wogulitsa uja anandiuza kuti ndikanawonjezera ndalama n'kugula ina yomva kugwedezeka. Imeneyo mnzanga wina ali nayo: imalira mabingu akagunda, imalira thiraki ya zinyalala ikadutsa, ndipo anthu okhala naye pafupi anasiya kalekale kusuzumira pawindo. Ngakhale italira pa nthawi yake, pomwe mukufunafuna nsapato wakuba wamaliza kale.

Komanso musatuluke n'komwe. Mu 2022 wapolisi wa ku Harris County (dera limene muli Houston), Darren Almendarez, anawomberedwa n'kufa pamalo oimika magalimoto a sitolo atapezerera anthu akudula converter ya pikapu yake. Lamulo lokhwimitsa chilango limene Texas inakhazikitsa mu 2023 linatchedwa dzina lake. Chida chimene ntchito yake ndi kukudzutsani kuti mukakumane ndi anthu oterewa ine sindichiwerengera ngati chitetezo.

Kulemba nambala ya VIN (nambala ya chasisi yozindikiritsa galimoto yanu) pa converter ndi kuipaka penti yowala yosapsa ndi moto n'kotchipa, ndipo kumathandiza apolisi akagwira katunduyo. Chitani, koma sikutchinga sowo.

Waya wachitsulo wokulunga converter n'kumangirira ku chasisi ali ndi nzeru yake: wayayo amagwedezeka, sowo imalephera kuluma bwino, nthawi n'kumapita. Ubwino wake amakwana pa galimoto zamitundumitundu. Kuipa kwake akangokhwefuka amayamba kulira kwetekwete pamabampu, ndipo wakuba wobwera ndi chida choyenera sachedwa naye kwenikweni.

Ena amapita kwa owotcherera kuti awaikire zitsulo zomangira nyumba kuzungulira converter. N'zotchipa, koma tsiku limene ekizozi idzafune kukonzedwa makaniko adzayamba wadula zonsezo, ndipo kudulako mudzalipira ndinu.

Chimene ndinaika n'kukhala nacho mpaka lero ndi chitsulo chophwatalala chotseka kunsi konse, chopangidwira mtundu ndi chaka cha galimoto yanu. Wakuba akawerama saona paipi yoti adule, amaona chitsulo chokhachokha chomangidwa ndi mabawuti osamasuka ndi sipanala wamba. Sikuti n'chosatheka kuchichotsa, koma phokoso ndi nthawi yake zimamutumiza ku galimoto ina. Sankhani cha stainless steel, cha aluminiyamu n'chopepuka koma n'chofewa, ndipo onetsetsani kuti chili ndi timabowo totulutsira kutentha chifukwa converter imatentha kwambiri.

Pali ndalama yobisika imene palibe anandichenjeza. Nditapita kukasinthitsa mafuta a transmission, galaja ina inandiwonjezera ndalama ya kuchotsa ndi kubwezeretsa chitsulocho, ati chikutchinga pogwirira ntchito. Anandifunsanso kachitsulo kapadera komasulira mabawuti aja, kamene kamabwera m'bokosi limodzi ndi chitsulocho. Mukakataya kameneko, mwadzitsekera nokha. Zinandiwawa, komabe ndalamayo ndi yochepa poyerekeza ndi converter yatsopano, imene pa mapikapu akuluakulu imafika madola masauzande. Kuyenda popanda converter n'kuphwanya lamulo, ndipo kuno ku Harris County simungakhoze mayeso a utsi.

Inshulansi nayo muiyang'ane lero lomwe. Ya liability yokha (yolipira zimene mwawonongera ena) siilipira chilichonse pa umbava. Ya comprehensive (yoteteza galimoto yanu ku zinthu monga umbava ndi moto) imalipira, koma mumayamba mwatulutsa deductible yanu (gawo la ndalama limene mumalipira nokha), ndipo akakuikirani converter yatsopano yonyezimira mbava zomwezo zimadziwa kale pamene mumaimika galimoto.

Ndiye mukandifunsa, ikani chitsulo chophwatalala, lembani VIN poti n'zotchipa, ndipo ngati muli ndi galaja kunyumba tulutsani makatoni mulowetsemo pikapu. Ngati mtundu wa galimoto yanu ulibe chitsulo choyenerana nawo, tengani waya. Musanalipire, funsani woika chitsuloyo ngati fyuluta ya oyilo ndi potulutsira mafuta zizifikika chitsulocho chili pomwepo, ndipo kachitsulo komasulira mabawuti kazikhala m'galimoto momwemo.