Monólogo, solilóquio kapena kudziyankhulira?

Amene mumalemba zisudzo za kusukulu ndi kutchalitchi kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, m'dziko la Mozambique, mumadziwa pamene cholembera chimaima: wosewera watsala yekha pabwalo, alankhula nthawi yaitali, ndipo pamwamba pa tsamba pafunika dzina la chimene akuchitacho.

Ambiri timangolemba monólogo, monga tinaphunzirira m'Chipwitikizi. Mawuwa ndi ochokera ku Chigiriki: monos, mmodzi, ndi logos, mawu. Chimene amanena n'chakuti wolankhula ndi mmodzi, basi. Omvera angakhalepo, bola asamudule. Mwini mbumba akaimirira pamaliro n'kufotokoza za matenda kuyambira tsiku loyamba mpaka kumwalira, anthu ali chete, chimenecho ndi monólogo ndithu.

Solilóquio ndi china, ngakhale aphunzitsi ena ku Ulónguè amaziphatikiza. Ndi la Chilatini, solus ndi loqui, kulankhula uli wekha, ndipo Augustino Woyera ndiye analitchukitsa ndi buku limene analemba cha m'ma 386 ndi 387, momwe amakambirana ndi nzeru zake zomwe. Pabwalo la zisudzo, apa palibe mnzake womumva. Mayi watsala pakhonde, mwamuna wapita ku migodi ya malasha ku Moatize, iye akutulutsa zamumtima zimene sangauze apongozi ake. Oonerera timangomva ngati tabisala kuseri kwa nkhokwe.

M'Chinyanja chathu, "kulankhula yekha" ndimakukana. Mwana amene mwamupatsa mbaliyo amayamba kusewera ngati wamisala wa pamsika, anthu n'kumaseka pamene anayenera kugwidwa chisoni. "Kulakatula" n'kwa ndakatulo, ndipo mukalemba choncho mwanayo adzakweza mawu ndi kutambasula manja. Wina anandiuza kuti tizilemba "nthano", koma nthano ili ndi oyankha. Wokamba akati "Padangotero" popanda omuyankha "Tili tonse", sapitiriza.

Ine ndimalemba "akudziyankhulira mumtima" pamene pali solilóquio, chifukwa ngakhale mwana wa sétima classe (kalasi yachisanu ndi chiwiri) amamva kuti atsitse mawu, asayang'ane munthu. Pa monólogo sindivutika kusaka dzina limodzi. Ndimalemba chimene munthuyo akuchita: akudandaula, akulangiza, akuweruza mlandu. Mawu a Chipwitikizi aja ndimawasungira mayeso, poti kumeneko adzakufunsani kusiyana kwake.