CD ya Spirited Away: wogulitsa anandizunza, koma nyimbo ya nambala 16 yandigwira mtima

Ndinatsegula foni ndi cholinga chopereka nyenyezi imodzi basi, chifukwa bambo wogulitsayu anandizunguza mutu. R450 ija ndinalipira tsiku lomwelo, ya kotumizira pamwamba. Anati masiku 10, katundu anafika patatha milungu 5. Pa WhatsApp ankangowerenga osayankha. Phukusi litafika, kesi inali yong'aluka pakona, kabuku ka mkati kopindika. Kumuuza, yankho lake akuti bola CD ikulira. Mawu amenewo akundiwawabe mpaka pano.

Ndinaiika mu wailesi usiku nditaweruka kuntchito, mtima udakali m'mwamba. Ndi nyimbo 21 za filimu ya Hayao Miyazaki ya 2001 ija. Anapeka ndi Joe Hisaishi, amene wakhala akugwira ntchito ndi Miyazaki kuchokera 1984, ndipo oimba ndi a New Japan Philharmonic. Yomaliza ndi ya Youmi Kimura, woimba ndi mawu. Zoyambirira ndinkamvera ndikutsuka mbale.

Itafika ya nambala 16, The Sixth Station, ndinatseka mpopi.

Amene munaonera mukukumbukira pamene Chihiro, kamtsikana ka mufilimuyi, akukwera sitima yoyenda pamwamba pa madzi, kupita kwa mfiti Zeniba kukabweza chidindo kuti mnzake Haku achire. Wakhala phee pampando, mzimu wotchedwa No-Face pambali pake, okwera anzake ali ngati zithunzithunzi, akutsika mmodzimmodzi mpaka kunja kuda. Palibe wolankhula. Piyano ikungodontha pang'onopang'ono, kubwereza kanjira kamodzimodzi, zeze zambirimbiri zikubwera chapansipansi. Siikwera, siithamanga, siikukakamiza kulira.

Ine sindinaone sitimayo. Ndinaona basi yomwe ndinakwera kuchoka ku Joni kupita kumaliro a mayi anga. Beitbridge usiku, Nyamapanda, mlatho wa ku Tete dzuwa likuswa mtengo, kenako Mwanza. Masiku awiri nkhope ili pawindo, chikwama pamiyendo, oyandikana nawo osadziwa chomwe ndanyamula mumtima. Ulendo wonsewo sindinagwetse msozi, ngakhale kumanda ndinangouma pakhosi. Misoziyo inadzatuluka kukhitchini kuno, manja ali ndi thovu, chifukwa cha piyano ya Hisaishi, munthu wa ku Nagano ku Japan, yemwe sadziwa n'komwe kwathu. Nyimbo za pamaliro ndimazidziwa zonse, koma mawu ake amandiuza choti ndimve. Iyi inangokhala nane pampando, osandifunsa kanthu.

Mwana wanga wamkazi anadzuka n'kundipeza nditakhala pansi, n'kufunsa kuti, "Amayi, mwapsa?" Ndinamukhazika pamiyendo, tinaibwereza katatu.

Kamvekedwe ka CD n'koyera kwambiri kuposa zomwe ndinkamvera pa foni. Umamva ngakhale pamene piyano ikuzilala isanayambe ina. Sidumpha paliponse, pamenepo ndisamunamizire bamboyu, ndi yeniyeni osati yokopera.

Ndiye ndapereka nyenyezi 4. Zinayizo ndi za Hisaishi ndi oimba ake. Yachisanu ndaisunga mpaka wogulitsa atanditumizira kesi ina, ndipo uthenga wanga wachitatu womukumbutsa wawerengedwa dzulo madzulo, yankho palibe.