Denga lakale la nyumba ya ku Chilomoni: zimene ndaona patatha miyezi 18 chipakireni penti

Mu Seputembala 2023 ndinafotokozapo zimene tinachita pa nyumba ya malemu bambo athu ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre, banja litagwirizana kuti igulitsidwe. Denga lake linali la malata a mizere omwe anakhomedwa pomanga nyumbayo mu 1979, ndipo m'malo mofoleranso denga lonse, tinasankha kulikwecha dzimbiri, kumata malo odontha, kusintha malata 9 amene anali atabowokeratu, kenako n'kupaka penti wofiira wa padenga. Nthawi imeneyo ndinaiyamikira njirayi kuti ndi yosaboola m'thumba komanso yosintha maonekedwe a nyumba m'masiku ochepa. Tsopano papita miyezi 18, nyumbayo ili ndi eni ake atsopano, ndipo sindingakhale chete podziwa kuti ena anawerenga mawu anga aja n'kutheka anatsanzira.

Ntchitoyo payokha inagwiridwa bwino, ndipo mmisiri amene anaigwira sindimuimba mlandu. Anakwecha malata ndi bulashi ya waya, anatsuka fumbi lonse, anayamba wapaka red oxide, penti woyambira woletsa dzimbiri, pamalo a dzimbiri, ndipo penti weniweniyo anamupaka kawiri. Pamitu ya misomali yodontha ndi pamsana pa denga anamatapo tepi ya phula. Atamaliza, nyumba imene kwa zaka zambiri inkaoneka yotopa inayamba kuoneka ngati yamangidwa dzulo, ndipo madobadoba amene poyamba ankangoiyang'ana n'kudutsa anayamba kubweretsa anthu pafupifupi sabata iliyonse, ataona zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp. Pa nkhani yokopa maso, penti anachitadi zonse zimene tinkayembekezera.

Chimene chinandinamiza kwambiri ndi mvula ya chaka chimenecho. Nyengo ya 2023 mpaka 2024 inali ya El Niño, ndipo kuchigawo cha kumwera mvula inagwa mwa njomba, mpaka boma linalengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 ali pa ngozi ya chilala. Denga lathu linadutsa Novembala ndi Disembala osadontha, ine n'kumaganiza kuti vuto latha, pamene zoona zake n'zakuti linali lisanayesedwe. Mvula yamphamvu itagwa masiku awiri otsatizana mu Januwale, siling'i ya m'kolido inachita banga lalikulu, ndipo m'chipinda cha bambo madzi anatsika ndi khoma. Mmisiri uja atakweranso anapeza kuti madzi sankalowera pamene anamata paja ayi, koma pamene malata awiri amasanjikizana. Pamalo amenewo madzi amakwawa pakati pa malata, chinyezi sichiuma msanga, ndipo dzimbiri limadya chitsulo kuchokera m'kati, kumene bulashi ndi penti sizingafike. Ku Blantyre kuno, kumene chiperoni chimanyowetsa madenga ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julayi, zaka 44 zinali zokwanira kutha zinki yense woteteza malatawo pamalo obisikawo.

Panali vuto lina lalikulu kuposa limeneli, ndipo ndi limene ndikufuna kuti aliyense wogulitsa nyumba yakale alimvetse. Misomali yambiri inkasukusa, ndipo ife tinkati n'chifukwa cha kutentha ndi kuzizira kumene kumafutukula ndi kukhwinyatitsa malata tsiku ndi tsiku. Zimenezo n'zoona ndithu, koma chifukwa chachikulu chinali chakuti matabwa amene misomaliyo inalowamo anali atadyedwa ndi chiswe. Kunja thabwa linkaoneka lathunthu, koma ukalibaya ndi sikuludiraiva linkangofumbutuka ngati gaga. Msomali wokhomedwa m'thabwa lotero sugwira kanthu, ndipo ngakhale malata 9 atsopano aja anali atangokhala pamwamba popanda chowagwira chenicheni. Tinawononga ndalama pa chimene chimaoneka kumsewu, osakwera m'siling'i ndi tochi kukaona chimene chanyamula dengalo.

Munthu woyamba amene anaonetsa mtima wogula anabwera mu Febuluwale 2024. Ankafuna kugula ndi ngongole ya kubanki, choncho panabwera katswiri woyesa mtengo wa nyumba, yemwe sanataye nthawi ndi kukongola kwa penti koma anapempha makwerero n'kulowa m'siling'i masana dzuwa likuswa mtengo. Ali m'menemo anaona kuwala kukulowa m'timabowo tambirimbiri, ndiponso dothi la chiswe litakwera m'mapaso a mbali ya kukhitchini. Bambo ofuna kugulawo anandifunsa modekha kuti, "Mayi, pentiyu ndi watsopano, nanga n'chiyani china chimene chili pansi pake chomwe simunatiuze?" Funso limeneli linandipweteka chifukwa sindinkafuna kubisa kanthu, komabe ndinaona kuti anali ndi chifukwa chomveka cholifunsira. Kuyambira pamenepo anayamba kukayikira chilichonse, mawaya a magetsi, mapaipi a madzi, ngakhale maziko, ndipo patatha sabata ziwiri anatiuza kuti asintha maganizo. Chikumbumtima cha namondwe wa Freddy, amene anasakaza Chilobwe ndi madera ena a Blantyre mu Malichi 2023, chinali chidakali chachiwisi, ndipo ndinaona kuti ogula ambiri sankachitanso chibwana ndi nkhani ya denga ndi ngalande za madzi.

Pamenepo m'banja munabuka maganizo awiri. Mlongo wanga amene ali ku Johannesburg ankati atumize ndalama tifolere denga lonse kuti nyumba igulidwe pa mtengo wokwera, ndipo amalume ankagwirizana naye. Ine ndinakana, ndipo mpaka lero ndikuona kuti ndinakana bwino. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa malata, misomali ndi matabwa umene tinauzidwa mu Ogasiti unali utasanduka mbiri yakale. Tikanafolera mu Seputembala muja, tisanagule penti, tikanapindula. Koma kufolera mu Malichi kunkatanthauza kukwirira ndalama zambiri m'nyumba imene sitinkadziwa kuti igulidwa liti. Komanso ndinali nditazindikira kuti ogula a masiku ano ali ndi zofuna zawo pa denga. Ena amafuna malata a IBR amtundu wakutiwakuti, ena amafuna kukweza khoma kapena kusintha kapangidwe ka denga lonse, ndipo sangakulipire mokwanira pa denga latsopano limene iwo sanalisankhe.

Chimene tinachita ndi chimene tinayenera kuchita pachiyambi pomwe. Tinaitana akalipentala awiri osadziwana, aliyense payekha, kuti ayendere denga kuyambira pansi mpaka pamwamba n'kulemba zonse zofunika: malata 58, matabwa oyenera kusinthidwa, misomali, mankhwala a chiswe ndi malipiro a ntchito. Mapepala awiriwo, pamodzi ndi zithunzi za m'siling'i, tinkawapereka kwa aliyense wobwera kudzaona nyumba asanafunse n'komwe. Madobadoba ena sanakondwere nazo, ankati tikuthamangitsa makasitomala, ndipo n'zoona kuti obwera anachepa. Koma amene ankabwera ankakambirana za mtengo m'malo mofufuza zolakwika. Mu Ogasiti 2024 tinagwirizana ndi banja lina, ndipo pa mtengo umene tinkafuna tinachotsapo ndalama zofanana ndi zimene kalipentala wokwera mtengo pa awiri aja analemba. Loya analemba m'pangano momveka bwino kuti ogula auzidwa za denga ndipo alilandira mmene lilili. Za mapepala sindinenapo zambiri, kupatula kuti nyumba ya masiye imafuna chilolezo choyendetsera chuma cha malemu, misonkho ya kukhonsolo iyenera kukhala yolipiridwa, ndipo zonsezi zimadya miyezi imene denga lokalamba silidikira.

Eni ake atsopanowo anasasula denga mu Okutobala, mvula isanayambe, ndipo anandichitira ulemu pondiitana kuti ndidzaone. Ndinaima pabwalo pamene ndinakulira n'kumaona malata akutsitsidwa limodzilimodzi, ofiira bwino pamwamba, koma kunsi kwake akuda ndi odyeka, makamaka a pamwamba pa khitchini pamene utsi wa makala unkafika kwa zaka zambiri. Matabwa odyeka anapezeka ochuluka kuposa mmene akalipentala aja anawerengera, ndipo ndinawauza ogulawo kuti zandimvetsa chisoni, koma bambowo anangoti, "Mayi, musadandaule, munatiuza zimene munkadziwa." Anaika matabwa a paini opakidwa mankhwala, anamangirira mapaso kukhoma ndi waya, ndipo anafolera ndi malata a IBR a geji 28. Kwa amene sadziwa, nambala ya geji ikakhala yaying'ono ndiye kuti lata ndi lokhuthala, kotero 28 ndi wolimba kuposa 30 kapena 32, ngakhale kusiyana kwake sikuoneka msanga ndi maso m'sitolo. M'malo mwa misomali anagwiritsa ntchito masikuluwu okhala ndi labala, omangidwa pamsana pa mzere osati m'chigwa modutsa madzi. Mphepo ya namondwe wa Chido itawomba mu Disembala 2024 ndinawaimbira foni m'mawa mwake, ndipo anati denga silinagwedezeke. Sindikhulupirira kuti lakale lija, ndi misomali yake yosagwira kanthu, likanapirira.

Penti uja sindingamunyoze kotheratu, chifukwa pali malo amodzi pamene akadalipo ndipo akugwira ntchito. Boyizikota ya kuseri, imene nayonso tinaipaka penti yemweyo, inamangidwa mochedwerapo, matabwa ake ndi abwinobwino, ndipo malata ake anali ndi dzimbiri la pamwamba chabe. Ogulawo sanaikhudze. Nditapitako sabata yatha ndinapempha kulowamo, ndipo sindinapeze banga lililonse la madzi ngakhale yadutsa m'nyengo ziwiri za mvula. Mtundu wafwifwa pang'ono mbali yowombedwa kwambiri ndi dzuwa, ndipo penti wayamba kusupuka pamalo ang'onoang'ono pafupi ndi mtengo wa mango, pamene masamba amaunjikana n'kusunga chinyezi. Tepi ya phula ndiyo yandikhumudwitsa, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kunaifewetsa ndipo m'mbali mwake yayamba kumatuka, moti pamitu ina ya misomali pafunika kumatanso chaka chino. Mayi a panyumbapo anandiuza kuti adula nthambi za mango zolendewera padengapo mvula ikangotha, ndipo boyizikotayo aifolera akapeza ndalama, mwina patatha zaka ziwiri kapena zitatu.