FT Simple Cub: kumanga sikunandivute, penti ndiye anandigwetsa

Kwathu ndi ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege moti tili ana nthawi tinkaidziwira kulira kwa ndege. Anzanga ankapinda waya n'kumapanga magalimoto, ine ndinkasenda mapesi n'kulumikiza tindege tokhala ndi pulopela ya khoko la phesi lomwelo, yozungulira ukamathamanga. Tindegeto sitinkauluka ayi, wouluka ndinali ine ndi miyendo yanga. Ndiye tsiku lina ndikuchokera ku ntchito ya usiku kuno ku Leicester, ku Britain, nditaona madala ena akuulutsa ndege zing'onozing'ono pabwalo la kapinga kunja kwa tauni, mtima unabwerera ku mapesi aja. Pasanathe mwezi ndinali nditagula FT Simple Cub, ndipo pano yatha nane miyezi isanu, choncho ndikhoza kunenapo zomwe ndaona.

Ndegeyi inakonzedwa ndi a Flite Test, kampani ya ku Ohio ku America, motsanzira Piper J-3 Cub, kandege ka anthu awiri kamene anayamba kupanga mu 1938, kotchuka ndi mtundu wachikasu ndi mzere wakuda wonga mphenzi m'mbali. Siibwera yomangamanga. Mumalandira mapepala a foam board odulidwa kale ndi makina a laser, pamodzi ndi tizitsulo tochepa, kathabwa komangirirapo mota, ndi timitengo ta nsungwi tonga tija timatungira nyama yootcha. Foam board ndi chinthu chopepuka chonga timabokosi toyera tija amaikamo chipisi, koma chophwatalala, chomatidwa pepala uku ndi uku. Nditatsegula mayi akunyumba anasuzumira n'kufunsa kuti, "Ndalama zija mwagula makatoni?" Sindinawatsutse, chifukwa ndi mmene zimaonekeradi.

Dziwiranitu kuti mtengo wa makatoniwo ndi gawo laling'ono chabe. Pamafunika mota ya magetsi, ESC yomwe imalamulira liwiro la motayo, ma servo (timamota ta magalamu 9 tokoka zokhotetsera), pulopela, batire la LiPo ndi chaja yake, komanso limoti ndi lisiva yake yolandira malamulo m'ndegemo. Ine ndinatenga limoti ya FlySky FS-i6 yotsika mtengo, mota ya 2212, ESC ya 30A ndi mabatire awiri a 3S (a maselo atatu) 1300mAh. Zonse pamodzi zinandidyera pafupifupi £200. Musandifunse kuti m'makwacha ndi zingati, ndinawerengera kamodzi mutu n'kundiwawa.

Kumanga kwenikweniko ndiye kwabwino, ndipo apa ndiwayamike. Ndinagwira ntchitoyi madzulo atatu patebulo lodyera, vidiyo yawo ya pa YouTube ili pambali, ndikuimitsa n'kumabwereza. Zida zake ndi lezala lakuthwa, lula, ndi kamfuti ka guluu wotentha, basi. Zidutswa zimathothoka bwinobwino ukadula tizigwiriro take, ndipo zimalowana popanda kukakamiza. Chofunika kuchigwira msanga ndi mapindidwe awiri amene iwo amawatcha A ndi B. Pa A khoma la m'mbali limakhala pamwamba pa chidutswa chapansi, pa B limakhala pambali pake. Zikumveka zazing'ono, koma ukasokoneza thupi la ndege limachepa kapena kukula, zinazo osalowanso. Ine ndinazolowera kuyeserera kaye kupinda popanda guluu, chifukwa guluu wotentha sadikira munthu woganiza. Masekondi ochepa wagwira, ndipo ukafuna kumatula pepala limang'ambika.

Phiko ndi limene linandichititsa thukuta. Umasenga m'mphepete mopendeketsa lezala, n'kupinda pepala lonse kuti likumbatire msana wa mkati, kenako n'kulitsindikiza patebulo ndi manja onse awiri mpaka guluu atazizira. Pakati pa phikolo pamakhala kampata kakuti nsonga zonse ziwiri zikwere pang'ono m'mwamba, ndipo muli kachidutswa koyezera kukwerako. Musakataye poganiza kuti ndi chinyalala monga ndinachitira ine, n'kukakatola m'bini. Kukwera kwa nsongako ndi kumene kumapangitsa ndege kudziwongola yokha ikapendekeka. Lezala muzisintha pafupipafupi. Lobuntha silidula, limakoka n'kumanyenya foam ngati mbewa yadya. Ndinapsanso chala chachikulu mpaka thuza, koma limenelo ndi vuto langa.

Ndegeyi mukhoza kuimanga ya njira zitatu, kutanthauza liwiro, elevator yokweza ndi kutsitsa mphuno, ndi rudder yokhotetsa, kapena kuwonjezera ma aileron opendeketsa ndege pamapiko kuti zikhale zinayi. Ine monga wongoyamba ndinasankha zitatu. Phiko silimatidwa kuthupi, limamangidwa ndi malabala okolekedwa pa timitengo ta nsungwi tija. Poyamba ndinkaona ngati ndi uchitsiru kapena kuumira, koma ndinadzamvetsa: ndege ikamenya pansi malabala amatamuka, phiko n'kusuntha m'malo mothyoka.

Tsopano tifike pa penti, pamene panagona nkhani yanga. Ndege itatha inali yabulauni, mtundu wa pepala lake losalowa madzi msanga. Inali yowongoka, yopepuka, ndipo ndikanakhala wanzeru ndikanapita nayo kubwalo momwemo. Koma ine ndinkafuna Cub yachikasu ngati yeniyeni. Ndinagula chitini cha penti wopopera, n'kupita kuseri kwa nyumba. Choyamba chimene ndinaphunzira ndi chakuti chikasu sichiphimba bulauni. Ukapopera kamodzi zimatuluka ngati mpiru wowola. Chachiwiri, mankhwala osungunulira amene ali mu penti wambiri wopopera amadya foam. Pamene pali pepala palibe vuto, koma m'mphepete mwa mchira, momwe foam ili pamtunda, munakumbika timaenje ngati mwalowa chiswe. Njira yake, imene ndinaidziwa mochedwa, ndi kutseka kaye m'mphepetemo ndi guluu woyera wa matabwa kapena kupakamo guluu wotentha mopyapyala, kukwecha pepala pang'ono ndi sandipepa wosalala, kuyamba ndi penti woyera, kenako kupopera chikasu uli patali ndithu, mopepuka, n'kumadikira kuti aume. Yeserani kaye pa zotsalira zimene mwathothola zija, zilipo zambiri.

Ine sindinachite zimenezo. Ndinangopitiriza kupopera mpaka bulauni atabisika, kanayi konse, n'kuwonjezera wina wonyezimiritsa pamwamba. Pojambula mphenzi yakuda ija ndinamata tepi, pomatula inanyamula penti pamodzi ndi khungu la pepala, ndiye ndinapakanso. Kunena zoona inakongola. Mwana wanga wamkazi anaijambula n'kutumizira agogo ake ku Chileka, iwo n'kufunsa ngati imakwana munthu. Koma nditaiika pa sikelo ya kukhitchini inali italemera kwambiri kuposa isanapentedwe, ndipo choipa kwambiri n'chakuti penti wambiri anali kumbuyo. Thupi la ndege ndi lalitali kuchoka paphiko kupita kumchira kusiyana ndi kupita kumphuno, choncho kulemera pang'ono kumchira kumafuna kulemera kochuluka kumphuno kuti zifanane. Pali malo pansi pa phiko, chakutsogolo, pamene ukaika zala ziwiri ndege iyenera kukhala mowongoka kapena kuweramitsa mphuno pang'ono. Yanga inkagwera kumchira. Ndinaona, koma ndinadziuza kuti ndi pang'ono.

Ndisanafotokoze za tsiku loyamba, za malamulo. Kuno ku Britain ndege yolemera magalamu 250 kapena kuposa imafuna kuti mwini wake alembetse ku CAA, bungwe loyang'anira za ndege. Pali Flyer ID, imene umapeza ukakhoza mayeso a pa intaneti, ndi Operator ID, imene umalipira chaka ndi chaka ndipo nambala yake umailemba pandegeyo. Kawirikawiri lamulo ndi kusapitirira mamita 120 m'mwamba ndi kusayandikira mabwalo a ndege. Ine ndinalowanso kalabu ya madala aja, yomwe ili pansi pa BMFA, bungwe la ouulutsa ndege zing'onozing'ono, ndipo umembalawo umabwera ndi inshulansi ngati ndege yako yaphwanya galasi la mwini. Yanga inali pafupifupi theka la kilogalamu batire lili momwemo, choncho panalibe kozembera.

Loweruka limenelo ndinafika m'mawa kwambiri, madala asanabwere, chifukwa sindinkafuna mboni. Kapinga anali wonyowa ndiponso wamtali, ndipo ndege ya mateyala awiri kutsogolo ngati imeneyi ikakodwa mu udzu imangogwada n'kubaya mphuno pansi. Itachita zimenezo kawiri ndinaganiza zoiponya ndi dzanja. Inachoka m'manja, mphuno n'kuloza kumwamba ngati tambala akufuna kulira, liwiro n'kutha, n'kupendekera kumanzere. Ndinakoka ndodo ya limoti uku ndi uku, iyo osamva. Sipanathe masekondi khumi inali itabaya pansi. Pulopela inathyoka, mphuno inakwinyika, phiko linalumpha malabala n'kugwera apo, lamoyo.

Mdala wina wopuma pantchito, amene anandipeza ndikutola zidutswa, sanaseke. Anabwezera phiko, n'kuinyamula ndi zala ziwiri, mchira n'kugwa. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Apa ndi pamene ndinaikondera foam board. Tinatulutsa kamfuti ka guluu m'galimoto mwake, tinawongola mphuno, tinamata, tinasintha pulopela, ndipo pasanathe theka la ola inali ndegenso. Batire tinalikankhira kutsogolo mpaka kumapeto, koma sizinakwane, ndiye anandimatira tizitsulo tiwiri tolemera mkati mwa mphuno. Anachepetsanso mayendedwe a zokhotetsera pa limoti kuti isamachite phuma. Anainyamutsa yekha, anaikweza, anaiwongola, n'kundipatsa limoti ili kale m'mwamba. Manja ankanjenjemera, koma inkayenda mofatsa, kukhota ndikaiuza, kudziwongola ndikasiya ndodo. Pamene inkabwera moyang'ana kwa ine kumanja ndi kumanzere zinatembenuka m'mutu mwanga, mdalayo n'kulanda limoti msanga. Zimenezo zimatenga masabata kuti uzolowere.

Nanga imauluka bwanji? Ikalinganizidwa bwino ndi yofatsa, siithamanga, ndipo pa theka la mphamvu ndimapeza mphindi zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu pa batire limodzi. Koma yanga, ndi penti wake ndi zitsulo zake, imatera mothamanga kuposa ya mnyamata wina wa pakalabupo, yomwe ndi mtundu womwewu koma sanaipente, anangoimata timizere ta tepi yofiira kuti aziiona. Yake imayandama ngati kamtema, yanga imabwera ngati nkhanga yonenepa. Mphepo nayo siigwirizana nayo. Ikamawomba moti nthambi zikugwedezeka, ndi bwino kungokhala m'galimoto n'kumamwa tiyi, ndipo kuno masiku oterowo ndi ambiri. Pepalalo limapirira mame, koma ukaisiya yonyowa m'buti madzi amalowera m'mphepete n'kuyamba kumatuka. Ndiponso siikhala yatsopano nthawi yaitali: chala chikatsindika pamatsala chibowo, makwinya amachuluka. Amene akufuna ndege yosalala yoika m'chipinda chochezera apite ku za matabwa a balsa zokutidwa ndi pulasitiki womata ndi simbi. Kwa munthu woyamba, amene agwetsa ndithu afune asafune, ine ndikuti iyi ndi yoyenera, makamaka ngati pali wina wodziwa woti aime pambali.

Mabatire a LiPo musawaseweretse. La 3S limakhala pa 12.6V likadzaza, ndipo sindilola selo iliyonse kutsika kupitirira 3.5V. Likakhala masiku osagwira ntchito ndimalisiya pa 3.8V selo iliyonse, chaja ili ndi batani lake. Ndimatchajira m'kathumba kosapsa, ndili pomwepo, osati usiku titagona. Likatupa kapena kuboola limatha kuyaka, ndipo moto wake si wa masewera. Komanso pokonza chilichonse patebulo chotsani pulopela kaye. Mota ya magetsi siichenjeza, ukangokhudza ndodo yadzuka.

China chimene chimandisangalatsa ndi chakuti mapulani a ndege zawo zambiri zakale anawaika pa intaneti ulere, moti munthu wokhala ndi foam board, lezala ndi chosindikizira akhoza kudula yekha. Kwathu zinthu zouluka zopanda munthu si zachilendonso: mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunayamba sukulu ya African Drone and Data Academy. Chovuta kumudzi chingakhale kupeza mota, ma servo ndi mabatire, osati manja omangira. Ana amene amapinda waya mpaka galimoto kukhala ndi chiwongolero sangalephere kupinda A ndi B.

Panopa ndagula foam board ina kusitolo ya zojambula, ndipo ndikudula mchira watsopano ndi phiko la ma aileron kuchokera pa mapulaniwo. Sindipenta. Mwana wanga wakana, akuti ikhale ya pinki, ndiye tagwirizana kuti alembe dzina lake pamchira ndi cholembera, zilembo zing'onozing'ono.